Chithunzi chayera, koma mawu sakumveka

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya mafilimu ndi mapologalamu a pa wailesi za kanema. Anthu ambiri amati zinthu zapita patsogolo chifukwa makamera a masiku ano ndi abwino, ndipo sakunama. Koma amene amagwira ntchito kuseri kwa kamera akudziwa kuti chimene chakwera kwenikweni ndi kuyera kwa chithunzi. Mawu, kuwala ndi kasungidwe ka zimene tajambula zatsalira m'mbuyo. Pena mpaka zaipa kuposa kale, chifukwa kutchipa kwa zida kwachotsa mantha amene ankachititsa anthu kukonzekera bwino asanayatse kamera.

Mantha amenewa anali ndi pochokera. Kwa zaka zambiri mafilimu akuluakulu ankajambulidwa pa filimu ya 35mm, lamba wopakidwa mankhwala amene amayenda mu kamera zithunzi 24 pa sekondi iliyonse. Mpukutu wa mamita 122 unkatha pa mphindi zinayi ndi theka zokha, ndipo waukulu wa mamita 305 unkatha pa mphindi 11. Ukatha unkapita kokatsukidwa, ndipo wojambula ankaona ntchito yake mawa lake. Mphindi iliyonse inali ndalama. Choncho kamera sinkayatsidwa kuwala kusanayezedwe, mtunda wochoka pa lenzi kufika pankhope usanayezedwe ndi tepi, komanso ochita sewero asanayeserere mokwanira. Mawu ankajambulidwa pa makina ena, ndi munthu amene ntchito yake inali yomweyo basi. Kabolodi kaja kamene amakawombetsa kuti phaa poyamba kujambula sikanali kodzionetsera: kankathandiza kuti pambuyo pake apeze pamene mawu ndi chithunzi zikuyambira limodzi.

Ife tinalowa m'gulemu mochedwa. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, nthawi ya matepi, ndipo chithunzi chake chinali cha mizere 576 pa sikirini yooneka ngati bokosi. M'makomo ndi m'mavideo show munali VHS, kenako VCD ya timadontho 352 m'lifupi ndi 288 m'mwamba, ija inkachititsa nkhope kuoneka ngati yomangidwa ndi njerwa. Mafilimu a ku Nigeria, amene anayamba kufalikira pa matepi mu 1992, anationetsa kuti munthu atha kupanga filimu ndi kamera yaing'ono n'kuigulitsa pamsika. Matepi a MiniDV anali kutenga ola limodzi, ndipo kuti uwalowetse mu kompyuta unkadikiranso ola lathunthu, n'kudya malo okwana 13 GB. Kenako mu 2008 kunabwera Canon 5D Mark II, kamera ya zithunzi wamba yotha kujambula kanema wa timadontho 1920 ndi 1080. Mu 2010 kunabwera kamera ya dijito ya ARRI Alexa, imene inakopa opanga mafilimu akuluakulu kusiya filimu ya mankhwala, ndipo pofika mu 2012 kampani ya Kodak, yopanga filimu yotereyi, inali itapempha khoti kuti liiteteze kwa angongole. Lero foni ya m'thumba ikujambula 4K, timadontho tochuluka kuposa ka 80 poyerekeza ndi VCD.

Ndipo luso lilipo. Joyce Mhango Chavula mu 2016 ndi Shemu Joyah mu 2018 anatenga mphotho ya filimu yopambana ya kum'mwera kwa Africa pa mpikisano wa mafilimu a mu Africa wa AMVCA ku Lagos. Filimu ya moyo wa William Kamkwamba, imene inatuluka pa Netflix mu 2019, inajambulidwa ku Kasungu konkuno, pa dzuwa lomweli ndi fumbi lomweli. Chimene chimasiyanitsa ntchito zoterezi ndi zambiri zimene tikuona tsiku ndi tsiku si kamera ayi. Ndi chiwerengero cha anthu amene aliyense akusamala chinthu chimodzi.

Bala lalikulu lili pa mawu. Maikolofoni imene ili pamwamba pa kamera imamva zimene zili pafupi nayo: kupuma kwa wojambula, zala zake pa lenzi, tambala wa kuseri kwa nyumba. Amene akuyankhula ali mamita anayi uko. Lamulo lake ndi ili: mtunda wochoka pakamwa kufika pa maikolofoni ukawirikiza kawiri, mphamvu ya mawu imatsika ndi madesibelo (dB, muyezo wa mphamvu ya mawu) 6. Kuchoka pa theka la mita kufika pa mita imodzi, iwiri, kenako inayi, mawu atsika ndi madesibelo 18, pamene phokoso la chigayo ndi la njinga zamoto za kabaza silinatsike n'komwe. Ukafika polumikiza kanema pa kompyuta n'kukweza mawuwo, wakwezera limodzi ndi chigayo chomwe. Mankhwala ake ndi kusendeza maikolofoni, osati kukweza voliyumu. Ya pa ndodo ija, boom, ikhale masentimita 30 mpaka 60 pamwamba pa woyankhula, yoloza kukamwa, kunja pang'ono kwa chithunzi. Kamaikolofoni ka pa kolala kakhale masentimita 15 mpaka 20 pansi pa chibwano. Kakabisidwa mkati mwa malaya kamakhuzana ndi nsalu, makamaka zoterera, ndiye kamatidwe ndi pulasitala pamodzi ndi waya wake, ndipo mikanda ya m'khosi ivulidwe kapena imatidwenso. Panja, maikolofoni ivekedwe chovala chake chaubweya. Kasiponji kokha sikangalimbane ndi mwera wa mu June ndi July m'mbali mwa nyanja.

Chinenero chathu chimafuna kusamala koposa. Phala ndi pala, khola ndi kola, zimasiyana ndi kampweya kochepa kwambiri, ndipo mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika zimasiyana ndi kakwezedwe ka liwu basi. Tinthu timeneti ndi timene timayamba kusowa m'chipinda chimene mawu akubwerera. Nyumba zathu zambiri ndi za simenti pansi, makoma opanda kanthu, malata opanda siling'i, ndiye mawu amagunda paliponse n'kubwerera mu maikolofoni mochedwa pang'ono. Musanajambule, ombani m'manja kamodzi pakati pa chipindacho. Mukamva kulira kotsalira, yalani mphasa kapena kapeti pansi, pachikani mabulangete pa makoma amene sakuoneka, tsamiritsani matiresi pakona. Malata amalira okha akatentha masana, ndipo mvula ikayamba palibe chochita koma kudikira. Filiji izimitsidwe, ndipo akadaulo amaika makiyi a galimoto mkati mwake kuti asachoke asanaiyatsenso, eni nyumba angawolerwe ndiwo. Jenereta ikhale patali, kuseri kwa khoma, pa waya wa mamita 30 kapena kuposa, wonenepa, chifukwa waya wowonda ukatalika mphamvu imathera m'njira.

Wina akhale ndi mahedifoni otseka makutu nthawi yonse, ndipo akhale ndi mphamvu yoimitsa kujambula ngati wamva cholakwika. Mawu ajambulidwe pa 48 kHz, ndipo muyezo uzifika cha pa -12 dB pamene munthu wakweza. Ukagunda 0, mawu amang'ambika, ndipo ong'ambika sasokeka. Masewero athu ndi odzadza ndi mikangano ndi maliro, pamene munthu amachoka pa kunong'ona n'kufika pa kukuwa mwadzidzidzi, choncho muyezo uziikidwa poyeserera mzere wofuula kwambiri, osati wa "mwadzuka bwanji". Makina asasiyidwe kuti azidzikwezera okha, chifukwa anthu akakhala chete amayamba kusakasaka chomva n'kukweza phokoso la m'chipinda, limene limagwanso wina akayankhula. Pomaliza pa malo aliwonse, onse akhale chete masekondi 30 kuti ajambulidwe mpweya wa chipindacho, kaphokoso kamene kamamveka pamene palibe woyankhula. Umenewo ndi umene amatsekera mipata podula, kuti khutu lisamve pamene padulidwa. Nyimbo yapansi ikhaledi pansi, madesibelo 15 mpaka 20 kutsikira pa mawu a oyankhula. Zida zonsezi pamodzi nthawi zambiri sizifika pa mtengo wa kamera imodzi yabwino, koma ndi zimene zimayamba kuchotsedwa bajeti ikachepa.

Pali vuto lina limene limatha pa masekondi khumi koma likuonekabe paliponse, m'makanema a maukwati, a m'matchalitchi ngakhale m'nkhani: mizere yakuda yoyenda pa chithunzi, kapena kuwala kophethira. Magetsi athu ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti mababu ambiri, makamaka machubu ndi ma LED otchipa, amaphethira ka 100 pa sekondi. Diso siliona, kamera imaona. Mafoni ndi makamera ambiri amabwera atatcheredwa pa zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi, zogwirizana ndi mayiko a magetsi a 60 Hz monga America. Kuno sankhani PAL pa kamera, kutanthauza zithunzi 25 kapena 50 pa sekondi, ndipo shutter, nthawi imene kamera imalola kuwala kulowa pa chithunzi chilichonse, ikhale pa 1/50 kapena 1/100 ya sekondi. Wailesi za kanema zathu zimaulutsanso pa 25, ndiye kanema wa 30 akamasinthidwa m'njira yachidule, chithunzi chimodzi pa zisanu ndi chimodzi zilizonse chimatayidwa, n'chifukwa chake kamera ikamatembenuka chithunzi chimayenda modukiza. Pa jenereta yesani kaye, popeza injini ikamasinthasintha liwiro kuphethira kumabweranso ngakhale mutatchera bwino.

Dzuwa lathu nalo silisewera. Masana likakhala paliwombo, maso amalowa m'mithunzi, chipumi chimanyezimira. Mukaimika munthu wakhungu lakuda kutsogolo kwa khoma loyera kapena thambo, kamera yosiyidwa pa auto imaona kuyera kochuluka n'kudzitseka, ndiye nkhope imasanduka mdima wokhala ndi mano okha. Ichi si chilema cha khungu. Kwa zaka zambiri makadi amene otsuka zithunzi ankayezera mitundu anali ndi nkhope ya mzimayi wachizungu, ndipo zizolowezi zina zochokera kumeneko tikuzitengerabe osafunsa. Khungu lakuda limaoneka bwino ndi kuwala kotakata, kofewa, kumene limakubweza ngati mmene amachitira madzi odekha. Nyale yaing'ono yolunjika imangosiya kadontho konyezimira. Pachikani nsalu yoyera ya pabedi patsogolo pa nyale, motalikirana nayo ngati ndi yotentha. Panja, jambulani isanakwane 9 koloko m'mawa kapena itadutsa hafu 3 masana. Ngati n'kosatheka, pitani pamthunzi wa mango, dzuwa likhale kumbuyo kwa munthuyo, wina abweze kuwala kunkhope ndi bolodi loyera. Kuwala kukachuluka, ikani ND filter, kagalasi kakuda kochepetsa kuwala, pa lenzi. Ambiri amathamangira kukweza shutter mpaka 1/2000, ndipo zotsatira zake ndi anthu oyenda ngati zidole.

Mitundu nayo imasokonekera pa chifukwa chodziwika. Pa muyezo wa mtundu wa kuwala, babu lachikasu lili cha pa 3200 K, kuwala kwa masana cha pa 5600 K. Munthu akakhala pakati pa zenera ndi babu, tsaya lina limafiira, lina limabiriwira ngati thambo. Sankhani chimodzi: zimitsani babu kapena tsekani zenera. Kenako ikani pepala loyera pamene pakhale nkhope, tcherani white balance, imene imauza kamera kuti choyera ndi chiti, ndipo isasinthidwenso mpaka gawolo lithe. Palinso fashoni yojambula pa log, imene imasunga zambiri za mowala ndi mumdima koma imatulutsa chithunzi chotuwa chofuna kukonzedwa mitundu pambuyo pake. Ngati palibe wodziwa kukonzako kapena nthawi yake, musaiyambe. Mafilimu ambiri akutuluka ali mbuu ngati ajambulidwa m'chifunga cha pa Dedza, pamene kamera yomweyo ikanatulutsa mitundu yabwino ikanasiyidwa pa wamba.

Ndinene pang'ono za drone. Ndi chida chabwino, ndipo zimene chimachita kale zinkafuna helikopita. Koma filimu iliyonse kuyamba ndi madenga a mzinda kwa mphindi ziwiri, kenako n'kulowa m'nyumba mmene sitikumva zimene mayi akuuza mwana wawo, ndiye kuti ndalama zapita polakwika. Chimodzimodzi kujambula kambirimbiri poti khadi la mu kamera ndi laulere: wolumikiza amapatsidwa maola 40 opanda wolemba kuti chabwino ndi chiti, ndipo chitenje chimene chinali chofiira polowa m'nyumba chimatuluka chili chobiriwira. Kope limodzi lolembamo ndi munthu mmodzi wolemba gawo, nambala ndi zovala zikanateteza zonsezi.

Ngakhale ntchito itajambulidwa bwino, ikhoza kufera m'njira. Mayiko a chigawo chathu anagwirizana pansi pa ITU, bungwe la dziko lonse loona za mauthenga, kuti asamukire ku kaulutsidwe ka dijito pofika pa 17 June 2015, ndipo kuno tinaona madikoda a Kiliye Kiliye. Kale siginolo ikafooka chithunzi chinkadzadza timadontho tonga mpunga koma nkhani unkaitsatirabe. Pa dijito chithunzi chimakhala choyera mpaka pamene chimangosweka kukhala timabokosi n'kuima. Matchanelo angapo amagawana njira imodzi, ndiye iliyonse imafinyidwa. Tsono ngati kanema anafika ku siteshoni atafinyidwa kale, kufinya kwachiwiri kumamumaliza. Apa ndi pamene WhatsApp yatipweteka. Kanema wotumizidwa mwachizolowezi amachepetsedwa kwambiri, ndipo akadutsa m'mafoni atatu amabwerera ku VCD. Wopita kokaulutsidwa aperekedwe pa hard drive, kapena atumizidwe ngati document. YouTube imalangiza 8 Mbps (kuchuluka kwa data pa sekondi iliyonse) pa kanema wa 1080, ndipo chimenecho chikhale chapansi penipeni, osati chapamwamba. Makanema akale a bokosi asamakokedwe kuti adzaze sikirini yotambalala ya lero, chifukwa anthu amaoneka afupi ndi onenepa. Mipata yakuda m'mbali si chamanyazi.

Ndani sanathamangirepo rimoti malonda atangoyamba? Sewero limamveka motsika, ukakweza, malonda amabwera ngati bomba. Ku Ulaya vutoli analimbana nalo ndi muyezo wa EBU R128 wa mu 2010, umene umati pologalamu iliyonse ndi malonda alionse zikhale pa mlingo umodzi wa kukwera kwa mawu, -23 LUFS. Mapologalamu a pa kompyuta oyezera izi alipo aulere. Pempho langa kwa eni wailesi za kanema ndi lakuti aliyense atulutse pepala limodzi lokha lonena zimene amalandira: kukula kwa chithunzi, zithunzi 25 pa sekondi, mawu a 48 kHz, muyezo wa kukweza, mtundu wa fayilo. Chosakwanira chibwezedwe kuti chikakonzedwe. Bungwe la MACRA litha kuthandiza kuti pepalalo likhale lofanana kwa onse. Mabungwe amene amalipira makanema a zaumoyo ndi zaulimi nawonso azifunsa kuti wojambula mawu ndani asanafunse dzina la kamera, chifukwa uthenga wa katemera umene sukumveka ndi ndalama zotayika.

Za 4K tisamapupulume nazo. Kamera yojambula pa 100 Mbps imadya 45 GB pa ola, imafuna kompyuta yamphamvu, pamene woonera wathu ali pa foni, watsitsa kanema pa 360 kuti bandulo isathe. Pa 360 kusiyana kwa 4K ndi 1080 sikuoneka, koma mawu oipa amamveka chimodzimodzi.

Chimene chikundidetsa nkhawa koposa ndi zimene zinajambulidwa kale. Matepi a kuyambira mu 1999, a nkhani, magule, mpira, zisudzo, oimba amene anatisiya, ali m'makabati ndi m'makatoni m'maofesi ndi m'makomo. Tepi siikhala mpaka kale. Chinyezi cha m'dzinja chimaiyambitsa chuku, guluu wogwira mankhwala ake amafewa, ndipo ikaikidwa m'makina ili choncho imamata mitu yowerengera n'kudzikanda yokha. Tepi yachuku isaseweredwe isanatsukidwe. Makina owerengera nawo akutha: kampani yomaliza kupanga makina a VHS, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016, ndipo amisiri odziwa kukonza a Betacam ndi MiniDV akuchepa. Kusamutsa sikuthamangitsika, tepi ya ola imafuna ola. Matepi 1000 a ola limodzi, pa makina amodzi ogwira maola 6 pa tsiku, ndi masiku a ntchito pafupifupi 167. Podikira, matepi asungidwe choimirira, pouma, pozizira, kutali ndi masipika, ndipo pa chilichonse palembedwe tsiku, malo ndi amene alimo pamene owakumbukira akadali moyo.

Za lero nazo sizili pabwino monga tikuganizira. Tepi inkafa pang'onopang'ono, koma hard drive imafa yonse tsiku limodzi, ikagwa pa tebulo kapena magetsi akabwera mwamphamvu atathima. Filimu iliyonse ikhale ndi makope atatu, pa zida zosiyana, limodzi lisungidwe kunyumba ina. Khadi la mu kamera lisafufutidwe makope awiri asanatsegulidwe n'kuonedwa kuti akusewera mpaka kumapeto. Kope lomaliza lisungidwe losafinya, mawu a oyankhula, nyimbo ndi phokoso lina zili padera, chifukwa amene angadzafune kuigula filimuyo kunja kuti aiike m'chinenero china adzafunsa zimenezo poyamba. Ku Zomba kuli National Archives. Ndikupempha kuti eni wailesi za kanema, opanga mafilimu ndi unduna woona za chikhalidwe akhale pansi agwirizane kuti kope limodzi la ntchito iliyonse yomalizidwa lizipita kumeneko, ndipo ntchito yosamutsa iyambire pa matepi a 1999, amene adutsa kale zaka 25 ali m'kabati.

Ndine wanu,
Wojambula ndi kulumikiza makanema,
Blantyre